Mwezi Umaitana, Ng'oma Imasonkhanitsa

Mwezi uli ndi khalidwe lochedwa. Ukatuluka lero dzuwa likungolowa kumene, mawa utuluka patadutsa mphindi pafupifupi 50, mkuja uchedwanso chimodzimodzi, mpaka pakangotha masiku ochepa anthu amayamba agona kaye iwo usanaoneke. Koma m'mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi muli nyengo imodzi pachaka imene kuchedwaku kumachepa kwambiri. Ndi chakumapeto kwa Seputembala, pamene usana ndi usiku zimalingana kutalika, masamba ayamba kufiira n'kumayoyoka, mbewu zacha m'minda. Mwezi wathunthu umene umagwera pafupi ndi pa 22 kapena 23 Seputembala umangochedwa ndi mphindi pafupifupi 30 patsiku kwa munthu amene ali ku Beijing, ku Seoul kapena ku New York, ndipo ku Scotland umachedwa mochepera pamenepo. Chimachititsa n'chakuti pa nthawiyi njira imene mwezi umayendamo kumwambako imakhala yopendekeka kwambiri, pafupifupi yogona, poyerekeza ndi m'munsi mwa thambo momwe umatulukira. Ndiye kwa madzulo angapo otsatizana sipakhala mdima weniweni pakati pa kulowa kwa dzuwa ndi kutuluka kwa mwezi. Kuwala kwina kukamazirala kumadzulo, kwina kumakhala kutayamba kale kum'mawa.

Ku England anautcha mwezi wa zokolola, ndipo sikuti ankayamikira kukongola kwake. Kusanabwere magetsi ndi mathirakitala okhala ndi nyale, tirigu akacha ankafunika kumweta msanga mvula isanamuwononge, ndiye mwezi umenewu unkawonjezera maola ogwirira ntchito. Wotsatira wake anautcha wa alenje, poti minda ikayera nyama zinkaonekera patali. Kum'mwera kwa dziko zomwezi zimachitika cha mu Malichi, popeza nyengo za kumeneko n'zotembenuka. Ngakhale anthu ophunzira kwambiri ankadalira mwezi. Ku Birmingham, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, kagulu ka anthu monga James Watt, Matthew Boulton, Erasmus Darwin ndi Joseph Priestley kankakumana mwezi ukakhala wathunthu pofuna kuti pobwerera kwawo usiku aziona njira, n'chifukwa chake kankatchedwa Lunar Society.

Koma chimene chimandikoka mtima ine si ntchito ya kumundayo ayi. N'chakuti ntchito ikatha anthu sankalowa m'nyumba kukagona. Anthu otopa, msana ukuwawa, manja atachita matuza, ankatulukanso panja, ndipo m'madera ambiri panjapo pankalira ng'oma. Ndakhala ndikudzifunsa kuti zimatheka bwanji kuti zinthu ziwirizi, mwezi wathunthu ndi ng'oma, zizipezeka pamodzi pakati pa anthu amene sanaonanepo, olankhula zinenero zosamvana. Yankho limene ndafikapo n'lakuti kuwala kwa mwezi ndi kulira kwa ng'oma palibe angazitsekere m'nyumba mwake. Mwezi umabwerera pa uthunthu wake pakatha masiku 29 ndi theka, ndipo palibe mfumu kapena boma lingausunthe. Munthu wosadziwa kuwerenga, wopanda wotchi, wokhala kuseri kwa phiri, amangokweza maso n'kudziwa kuti kwatsala masiku atatu. Sipafunika kalata, sipafunika mthenga. Ng'oma nayo sisankha khutu: ikalira, wolemera ndi wosauka amaimvera limodzi. Mwezi umanena tsiku, ng'oma imanena malo, ndipo anthu akafika imawauzanso poponda mwendo.

Thupi nalo likuoneka kuti limavomereza. Mu 2021 akatswiri otsogoleredwa ndi Horacio de la Iglesia wa ku University of Washington anatulutsa zimene anapeza atayeza kagonedwe ka anthu a mtundu wa Toba kumpoto kwa Argentina, ena okhala kopanda magetsi, ena okhala m'tauni, n'kuyerekeza ndi ophunzira a ku Seattle. Magulu onsewa ankachedwa kugona, ndipo ankagona nthawi yochepa, pa masiku atatu mpaka asanu otsogolera mwezi wathunthu, omwe ndi masiku amene dzuwa limalowa mwezi uli kale kumwamba. Zoti mwezi umapengetsa anthu, kapena umachulukitsa umbanda, zinafufuzidwa kambirimbiri koma umboni wogwira mtima sunapezeke. Zoti umatichedwetsa kugona, izo zilipo. Ndipo anthu amene tulo tawathawa amafunana.

Kumene ndimaona kuti nkhaniyi inakhwima kwambiri ndi ku Korea. Chikondwerero chawo cha Chuseok chimachitika pa tsiku la 15 la mwezi wa 8 pa kalendala yoyendera mwezi, ndiye tsiku lake limasinthasintha: mu 2024 linali pa 17 Seputembala, mu 2025 pa 6 Okutobala. Ku South Korea amapuma masiku atatu, ndipo misewu yotuluka mu Seoul imadzaza ndi magalimoto a anthu opita kwawo. Chikondwererochi chisanafike amakalambula manda a makolo. M'mawa wa tsikulo amapereka mpunga watsopano ndi zipatso kwa makolo amene anatsogola, n'kudya timikate ta ufa wa mpunga totchedwa songpyeon, timene amatiphika ndi nthunzi atayala masamba a paini pansi pake. Mbali imeneyo ndi ya banja. Kukada, zinthu zinkachoka m'manja mwa banja n'kupita m'manja mwa mudzi.

Kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo, m'madera a Haenam ndi chilumba cha Jindo, amayi ndi atsikana ankatuluka mwezi ukangosuzumira, n'kugwirana manja, n'kupanga bwalo lalikulu. Gule wake ndi ganggangsullae. Mmodzi wa mawu abwino amatsogolera nyimbo, ena onse n'kumavomera ndi mawu omwewo a dzina la guleyo. Amayamba pang'onopang'ono zedi, kungoyenda mozungulira, nyimbo ikukokedwa mwachisoni. Kenako mapazi amayamba kufulumira, nyimbo n'kufupika, mpaka pomaliza amakhala akuthamanga ndithu, bwalo lonse likuzungulira mwamphamvu moti wina akangotaya dzanja la mnzake akhoza kugwa. Akatopa amaloweza timasewera totsanzira ntchito za tsiku ndi tsiku: kuthyola ndiwo zakutchire, kumanga nsomba pa chingwe, kukulunga mphasa n'kuifunyululanso, kuponda matailosi a padenga, pomwe ena amawerama mondondozana mmodzi n'kumayenda pamisana pawo anzake atamugwira manja. Pagule ameneyu ng'oma sichita kufunika. Mapazi ndi mawu ndiwo amagwira ntchito yake.

Pali nkhani imene amaikonda kumeneko, yakuti mkulu wa asilikali apamadzi Yi Sun-sin, amene mu 1597 anagonjetsa zombo zambiri za Japan pa mpata wa panyanja wa Myeongnyang ali ndi zombo 13 zokha, anauza amayi kuti azizungulira pamapiri kuti adani aziona ngati kuli chigulu cha asilikali. Nkhaniyo ndi yokoma, koma ine chimene chimandikhudza n'china. M'masiku amenewo mtsikana wa kumudzi sankaloledwa kuimba mokweza kapena kuyenda usiku. Usiku wa mwezi umenewu lamulolo linkamasuka. Wotsogolera nyimbo ankatha kupeka mawu pomwepo, kudandaula za ntchito, za apongozi, za kwawo kumene anachoka, anzake onse n'kumuvomera mokweza mudzi wonse ukumva. Tangoganizani mtsikana amene wakhala chaka chathunthu akulankhulira pansi, lero mawu ake akubwezedwa ndi anzake makumimakumi. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika guleyu pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse mu 2009.

Ng'oma zenizeni zimabwera ndi gulu la pungmul, limene ena amalitcha nongak, nyimbo za alimi, ndipo nalo linalowa pa mndandanda womwewo mu 2014. Zida zake zikuluzikulu n'zinayi. Pali kambale kamkuwa kotchedwa kkwaenggwari, kolira mokuwa moti kamaboola phokoso lina lililonse. Pali jing, mbale yaikulu yamkuwa imene ukaimenya kamodzi mawu ake amangopitirira osafuna kutha. Pali janggu, ng'oma yowonda m'chiuno, ya zikopa ziwiri. Ndiye pali buk, ng'oma yonenepa ya mawu aakulu. Eni ake amati kambale kaja ndi mphezi, mbale yaikulu ndi mphepo, janggu ndi mvula, buk ndi mitambo, zinthu zinayi zimene mlimi amadzukira kuyang'ana kumwamba.

Kale magulu amenewa anali mbali ya dure, mgwirizano wa anthu a m'mudzi wolimirana minda. Popita kowokera mpunga kapena kopalira, ng'oma zinkatsogola, patsogolo pake pali mbendera yaitali yolembedwa kuti ulimi ndiwo maziko a dziko. Ankaimba ali m'munda kuti manja aziyendera limodzi, n'kuimbanso pobwerera. Choncho pofika usiku wa chikondwerero anthuwa sankafunika kuyeserera, chifukwa anali atayeserera kale miyezi yonse ali m'matope. Aliyense ankadziwa mmene mnzake amakwezera mkono, amene amafulumira, amene amatsalira. Gule wa usiku wa mwezi anali mwana wa ntchito ya masana, ndipo ndikukhulupirira kuti mphamvu yake yonse inkachokera pamenepo.

Muyang'anitsitse woimba janggu. Ng'omayo amaimangirira pathupi ndi nsalu yaitali yodutsa paphewa ndi m'chiuno kuti aziimba akuyenda. Kudzanja lamanzere ali ndi kamtengo ka mutu wobulungira, kamene kamagwa pachikopa chochindikala n'kutulutsa mawu aakulu. Kudzanja lamanja ali ndi kansungwi kopyapyala kamene kamathetheka pachikopa chinacho. Zingwe zolumikiza zikopa ziwirizo zili ndi tizikopa toseseretsa, ndipo akatikankhira mbali imodzi ng'omayo imakungika, mawu n'kukwera. Nyimbo ikatentha, dzanja lamanzere limawoloka pamwamba pa ng'oma kukamenya kumanja n'kubwerera, mwachangu moti diso silitsatira. Koma chinsinsi chili m'mawondo. Gulu lonse limapinda mawondo ndi kuwongoka nthawi imodzi, likupumira limodzi, ndipo ena amavala zipewa zokhala ndi timizere titalitali ta pepala loyera timene timazungulira m'mwamba motsatira kupindika kwa mawondo komweko. Patsogolo pamakhala sangsoe, mtsogoleri, atanyamula kambale kaja. Zala zake zili kuseri kwa mkuwawo, akuzigunditsa ndi kuzichotsa kuti mawu azidulika kapena azipitirira. Iye akasintha kamenyedwe, gulu lonse limakhota, mzere umapindika n'kulowa m'kati ngati chigoba cha nkhono kenako n'kumasukanso.

M'madera ena a Gyeonggi ndi Chungcheong, monga ku Icheon, pa Chuseok ankapanga kamba wamkulu ndi masamba a mapira, anyamata awiri n'kulowa m'kati. Kambayo ankayenda khomo ndi khomo, gulu la ng'oma likumuperekeza. Akafika pabwalo la nyumba ankavina, kenako mwadzidzidzi n'kugwa pansi osasunthanso. Womutsogolera ankauza mwininyumba kuti mlendoyu wachokera kutali, wawoloka nyanja, ndiye njala yamupha. Mwininyumba ankatulutsa chakudya ndi chakumwa, kamba n'kudzuka, ng'oma n'kuyambiranso, ndipo zina mwa zimene ankasonkhetsa zinkagwira ntchito za mudzi. Ine ndimaona nzeru yaikulu pamenepa. Amene wakolola zambiri amapereka popanda kunyozetsa wina, amene wakolola zochepa amadya popanda kupempha, chifukwa wanjala ndi kamba, si munthu.

Pali chifukwa china chimene mwezi ndi ng'oma zimafunirana, ndipo n'cha m'makutu ndi m'maso. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Anthu awiri oimba ng'oma atatalikirana mamita 34, aliyense amamva mnzake mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Zikuoneka zochepa, koma kwa woimba ng'oma n'zokwanira kusokoneza: uyu amadikira uyo, uyo amadikira uyu, nyimbo n'kumalemera mpaka kugawikana. Kuwala kulibe vuto limenelo, kumafika pomwepo. Ndiye gulu likakula, makutu okha sakwanira. Umafunika kuona mkono wa mnzako ukukwera, bondo lake likupindika. Mumdima wa ndiweyani bwalo lalikulu silingagwirane. Mwezi wathunthu ndi wofooka kuyerekeza ndi dzuwa, kuwala kwake n'kochepa maulendo pafupifupi 400,000, ndipo sukwanira kuti usiyanitse bwino mitundu ya zovala kapena kuwerenga nkhope ya munthu ali patali. Koma umakwanira kuonetsa kusuntha kwa thupi ndi chilichonse choyera. Kwa ine muyezo umenewu ndi wabwino kuposa wina uliwonse: mumaonana mokwanira kuti muyendere limodzi, koma simuonana mokwanira kuti muchitirane manyazi. Anthu amene masana sangayerekeze kuvina, pamwezi amalowa m'bwalo. Ndipo popeza usiku nthaka imazizira msanga, mpweya wa pansi n'kukhala wozizira kuposa wa pamwamba pake, mawu amapindikira pansi m'malo mothawira kumwamba. N'chifukwa chake ng'oma ya usiku imamveka kutali, mudzi wina n'kudziwa kuti anzathu ayamba.

Ku Hong Kong kuli malo otchedwa Tai Hang, amene lero azunguliridwa ndi nyumba zosanja pafupi ndi Causeway Bay, koma kale unali mudzi waung'ono wa anthu a mtundu wa Hakka, alimi ndi asodzi. Eni ake amasimba kuti mu 1880 mudziwo unagwa mliri utangokumana ndi mphepo yamkuntho, ndipo anthu analangizidwa kupanga chinjoka chamoto n'kuchivinitsa m'mudzimo masiku atatu pa chikondwerero cha mwezi wa 8 pa kalendala yoyendera mwezi. Mliri unatha, mwambo unatsala. Chinjokacho ndi chachitali mamita 67, thupi lake ndi chingwe chokulungidwa ndi udzu wouma, chogawidwa m'zigawo 32, ndipo thupi lonselo amalibaya timitengo ta lubani toyaka masauzandemasauzande. Amachinyamula pa mitengo anthu pafupifupi 300 mosinthanasinthana. Patsogolo pake pamazungulira mipira iwiri yamoto, yomwe ndi zipatso zikuluzikulu za mtundu wa manyumwa zobayidwanso lubani.

Taganizirani munthu amene wanyamula chigawo chapakati pa chinjokacho. Misewu ya ku Tai Hang ndi yopapatiza, utsi uli tolotolo, maso akutuluka misozi, phulusa lotentha likugwera pamapewa. Mutu wa chinjoka sakuuona, unakhota kalekale. Chimene akudalira ndi ng'oma yaikulu ndi mbale zamkuwa zimene zikulira pafupi. Ng'omayo ikafulumira amathamanga, ikadekha amadekha, ikagunda mwanjira ina amadziwa kuti thupi lonse likufunika kupindika. Popanda iyo pali anthu mazana atatu onyamula udzu woyaka, aliyense kulowera kwake. Timitengo ta lubani tikatsala pang'ono kutha amatizula n'kugawira anthu oonerera kuti akhale ndi mwayi, n'kubayamo tina. Dziko la China linaika mwambowu pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa mu 2011. Mliri wa Covid-19 unauchotsa m'misewu kwa zaka zingapo, ndipo unabwereramo mu 2023.

Ku Vietnam usiku womwewu ndi wa ana. Amautcha Tết Trung Thu. Ana amayenda ndi nyale zooneka ngati nyenyezi ndi ting'oma tawo, ndipo timagulu ta anyamata timavinitsa mkango khomo ndi khomo, ng'oma ikulira kuyambira masiku angapo tsikulo lisanafike. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri nditachidziwa ndi mwambo wakale wa m'midzi ya kumpoto, m'chigwa cha Red River, wotchedwa hát trống quân. Anyamata amakhala mbali ina, atsikana mbali ina, n'kumaponyerana nyimbo zopeka pomwepo, zofunsana ndi zoyesana nzeru. Ng'oma yawo ndi nthaka. Amakumba kadzenje, n'kutsekapo ndi thabwa lopyapyala, n'kukunga chingwe pamwamba pake atachikhomera pansi mbali zonse ziwiri, pakati n'kuimikapo kamtengo kochirikiza chingwecho pathabwapo. Akamenya chingwe ndi timitengo, dzenjelo limalira. Anthu amene analibe chikopa kapena chipika chosema sanati tilibe ng'oma. Anaiimbitsa nthaka yomwe anakololapo.

Sikuti kulikonse kumene amalemekeza mwezi umenewu kumalira ng'oma, ndipo n'kulakwa kuzikakamiza. Ku Japan mwambo wa Tsukimi ndi wachete: amaika timibulu ta ufa wa mpunga totchedwa dango ndi ngayaye za udzu wa susuki poonekera mwezi, n'kukhala pansi kumauyang'ana. Ng'oma zawo za taiko zimalira pa zikondwerero zina za nyengo yomweyi, ku akachisi. Ku China, komwe chikondwerero cha mwezi wa 8 chija chinatchuka mu ulamuliro wa mafumu akale a Tang ndipo chinakhala tchuthi cha boma mu 2008, mtima wake ndi banja kukhala pamodzi n'kugawana mikate yobulungira. Ku India, pa Sharad Purnima, usiku wa mwezi wathunthu wa m'nyengo yomweyi, amasiya mpunga wophika ndi mkaka panja kuti mwezi uuwalire, anthu n'kuchezera, ndipo ku Gujarat amavina garba mozungulira, ng'oma ya dhol ikuwatsogolera. Pena mwezi umasonkhanitsa banja, pena mudzi. Ndimangoona kuti pamene gulu lakula kupitirira anthu odyera mbale imodzi, m'pamene ng'oma imayamba kufunika.

Masiku ano m'mizinda yambiri ya ku America ndi ku Ulaya muli mabwalo a ng'oma a mtundu watsopano. Anthu osadziwana amamvana pa Facebook kuti mwezi ukakhala wathunthu tikumane kugombe kapena kupaki, aliyense abwere ndi chimene ali nacho. Mizu yake ndi yosakanikirana. Babatunde Olatunji wa ku Nigeria, amene anapita ku United States mu 1950 kukaphunzira ku Morehouse College, anaphunzitsa anthu ambiri kumeneko kuimba ng'oma. Djembe, ng'oma ya anthu a Mande a ku Guinea ndi Mali, inadziwika kunja kudzera m'magulu monga Les Ballets Africains. Arthur Hull wa ku California anakonza njira zotsogolera gulu la anthu osaphunzira kuimba, ndipo mu 1991 Mickey Hart wa gulu loimba la Grateful Dead anakalankhula ku komiti ya Senate (nyumba ya malamulo ya ku United States) yoona za okalamba, kufotokoza ubwino woimba ng'oma pagulu.

Ndinakhalako m'bwalo lotere, nditabwereka ng'oma yaing'ono kwa munthu amene sindinkamudziwa. Poyamba kunali phokoso chabe. Aliyense ankamenya zake, ena mwamphamvu ngati akufuna kuti amveke okha. Koma panali mayi wina wachikulire amene anali ndi ng'oma yaikulu ya mawu apansi, ndipo iye sankachita zambiri: kugunda kamodzi, kudikira, kugundanso, osafulumira, osakometsera. Pang'onopang'ono ndinaona mitu ikutembenukira kwa iye. Amene ankathamanga anayamba kusiya mipata. Mwana wina amene ankangogwedeza chitini cha timiyala anapezeka kuti walowa bwinobwino pakati pa kugunda kuwiri kwa mayiwo, ndipo nkhope yake inasintha atazindikira kuti malo amenewo ndi ake, akasiya pakhala dzenje. Inenso ndinafika poti sindinkamvanso ng'oma yanga payokha, ndinkangoimva m'manja. Kenako gulu linayamba kufulumira, monga amachitira anthu akasangalala, mpaka zonse zinaphwasuka, anthu n'kuseka, mayi aja n'kuyambanso kugunda kwawo komwe kuja.

Zimene ndinamva m'thupi tsiku limenelo akatswiri anaziyezapo. Mu 2009 Sebastian Kirschner ndi Michael Tomasello ku Leipzig, ku Germany, anapeza kuti ana a zaka ziwiri ndi theka amatha kutsatira kugunda kwa ng'oma bwino akamaimba ndi munthu kusiyana ndi akamatsatira makina kapena sipika. Mu 2012 Robin Dunbar wa ku Oxford ndi anzake anapeza kuti anthu amene angomaliza kuimba, kuvina kapena kuimba ng'oma amapirira ululu kwambiri kuposa poyamba, chizindikiro chakuti thupi latulutsa mankhwala ake achilengedwe oziziritsa ululu, pomwe ongomvetsera nyimbo sasintha chotero. Mfundo yachiwiriyi ndi imene ndimaigwiritsitsa. Phindu lili kwa wochita, osati woonerera.

Mabwalo atsopanowa ndimawakonda, komabe pali zimene zimandiwawa. Ambiri amanyamula djembe osadziwa dzina la mtundu umene unaisema, kapena kuti kwawo nyimbo iliyonse ili ndi ntchito yake, ina ya kumunda, ina ya ukwati. Ena amabwereka mayina ndi miyambo ya eni nthaka a ku America n'kumalipiritsa polowera, akulonjeza machiritso amene sangawapereke. Ndipo chosowa chachikulu n'chija cha dure: anthuwa sanalime limodzi, mawa sadzaonana, wina akadwala palibe adzadziwe. Koma sindingawanyoze. Munthu amene wakhala sabata yonse pakompyuta, yekha m'chipinda, akatuluka kukafuna anzake oti apume nawo limodzi, njala yake ndi yeniyeni. Ndipo mabwalo ena anakhalitsa mpaka kusanduka mudzi ndithu. Ku Marcus Garvey Park ku Harlem, mumzinda wa New York, anthu akhala akuimba ng'oma Loweruka kwa zaka makumi angapo, ndipo cha m'ma 2007 ndi 2008, anthu atsopano atalowa m'nyumba zodula zoyang'anizana ndi pakiyo, panabuka mkangano wa phokoso, oimbawo n'kusunthidwira mbali ina ya paki. Wofuna kugona ali ndi ufulu wake, sindikukana. Koma amene wapeza ng'oma ikulira kale ayenera kuyamba wafunsa kuti ikulirira ndani.

Ku Korea komweko nkhani ya wochita ndi woonerera inaonekera poyera. Pamene anthu ankakhamukira m'mizinda ndipo makina ankalowa m'minda, dure inatha, magulu ambiri a m'midzi n'kuzilala. Mu 1978, m'kanyumba kakang'ono ka zisudzo ku Seoul, Kim Duk-soo ndi anzake atatu anatenga zida zinayi zija, n'kukhala pansi pa nsanja, n'kuimba nyimbo za alimi mwaluso lodabwitsa. Mtundu umenewu unatchedwa samulnori, ndipo unazungulira dziko lonse. Ndimauyamikira, chifukwa popanda iwo ambirife sitikanamva n'komwe za janggu. Koma pansanja pamakhala anthu anayi, ena onse ali pamipando, nyale zikuwalira mbali imodzi, ndipo nthawi yothera inalembedwa kale pa tikiti.

M'zaka za m'ma 1980 ophunzira a m'mayunivesite anatsitsanso ng'omazo pansi. Ankaziimba pa zionetsero zofuna demokalase, ndipo pa tchuthi ankapita kumidzi kukaphunzira kwa akuluakulu amene anali adakali ndi lusolo. Mudzi wa Pilbong, m'boma la Imsil, mpaka pano umalandira magulu a ophunzira amene amakagona komweko sabata yathunthu. Amayamba kuloweza kamenyedwe ndi pakamwa, kutchula mawu a ng'oma mobwerezabwereza, ndiponso kupinda mawondo ndi kupuma mogwirizana ndi anzawo. Amadya limodzi, amasesa limodzi. Ndipo gule wa kumeneko sathera pa luso la oimba: chigawo choyamba n'cha gulu la ng'oma, koma chachiwiri chimatsegukira aliyense, oonerera n'kulowa m'bwalo, mpaka osadziwikanso amene anabwera kudzaimba ndi amene anabwera kudzaona.